Mazira a Aroma

Dzulo, pokonza m'sutikesi ya malemu amayi kuno ku Nkwazi, ndinapeza buku la mbiri yakale la asisi anga a Agnesi, likununkhabe palafini. Linandibweza ku Kitwe, m'nyumba ya mgodi.

Asisi ankawerenga mokweza pokonzekera mayeso, n'kumandimasulira kuti ndisiye kuwasokoneza. Tsiku lina anandiuza za Aedui, mtundu wa anthu a ku Gaul, dziko lomwe lero ndi France. Aroma ankawatcha abale. Aedui ankawapatsa tirigu, mpaka anawapempha kuti adzawathandize pa nkhondo. Aroma anabwera, osabwereranso, dziko n'kukhala lawo.

Ine Aroma ndinkawadziwa bwino. Unali mpingo wathu, ndipo Abambo a ku parishi ankatitchadi abale pa Misa iliyonse.

Lamulungu lotsatira amayi anandipatsa mbale ya mazira kuti ndikapereke kuguwa. Ndinaima pakhomo la tchalitchi, osasuntha.

"Tiye, iwe," anatero amayi, akunditsina.

"Ayi. Akadya mazira adzatilanda nyumba."

Amayi anakapereka okha. Titafika kunyumba anandinenera kwa atate, amene ankatsuka jombo zawo za kumgodi. Ndinawafotokozera za Aedui zonse. Sanaseke.

"Awo anali Aroma ena, mwananga. Abambo sangatilande nyumbayi. Si yathu n'kale."

"Nanga ndi ya ndani?"

"Ya aja amatiuza kuti ndife banja limodzi."

Ine ndinkayesa akunena amalume. Ndinamvetsa chaka chomwe chifuwa cha atate chinakana ntchito ya pansi pa nthaka, banja lija la eni mgodi litatipatsa mwezi umodzi kuti tisamuke.