Makina Athu Sayang'ana Pansi

Kalata yondiitana ku Jeremani itafika, sindinafunse maganizo a munthu. Ndinali nditatopa ndi kuphunzitsa fizikisi pa sekondale ina ku Limbe, m'kalasi mopanda ngakhale batire limodzi, ndiye nditaona kuti andipatsa malo ochita kafukufuku wa nyenyezi ndinangoti basi, ndapita. Kwathu kwa Likoswe, ku Chiradzulu, ndinangopita kukatsanzika. Amayi anafunsa ngati kumeneko kuli tchalitchi. Achimwene anga a Layisoni, amene ndinapondana nawo, anaseka mpaka kutsokomola. "Nyenyezi zili mbwee pamwamba pa phirizi sizikukukwana, Felista?" Komabe ndi iwo omwewo anandinyamulira chikwama pa njinga mpaka pa Boma pokwerera minibasi.

Ntchito yanga anthu amaimva molakwika, ndipo wolakwitsa woyamba ndinali ine. Telesikopu imene timagwiritsa ntchito sindinaikhudzepo. Ili mlengalenga, kutali kupitirira mwezi. Ife timalemba pempho loti iloze malo akutiakuti, ndipo akakuvomera umadikira miyezi, kenako zithunzi ndi manambala zimakupeza pa kompyuta. Ine ndimafufuza mitambo ya fumbi momwe mumabadwira nyenyezi. Ndi maso wamba mtambo wotero ndi mdima bii, koma makinawo amaona kutentha, ndiye nyenyezi yakhanda yokwiririka m'katimo imaonekera.

Kunjako ndinali ndekha, abale inu. Munthu umatha sabata yathunthu osamva wina akukufunsa kuti wadzuka bwanji. Dzinja la kumeneko dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Ndinkatumiza ndalama ya feteleza ndi ya mankhwala, ndipo Lamulungu ndinkaimba pa foni ya achimwene. Poti mu ofesi ndinali kamunthu kosawerengeredwa, pa foni ndinkadzitukumula. Tsiku lina ndinawauza amayi kuti, "Makina athu amaona chinthu chokwiririka m'fumbi, ngakhale chibisale chotani." Iwo anakawafotokozera amayi anzawo a mumphakati, ndipo ine nditamva ndinasangalala.

Chaka changa chachinayi ndili kunjako, kwathu kunagwa namondwe uja. Achimwene ankakhala chikamwini kwa akazi awo a Esinati, m'mudzi wa m'munsi mwenimweni mwa phiri. Mvula inagwa masiku angapo osapuma, kenako napolo anatsika ndi matope ndi miyala n'kusesa mudziwo. Alamu anga anapulumuka chifukwa anali kuchipatala cha mishoni ndi mwana wodwala. Achimwene anali pakhomo. Ine ndinkangoimba foni yosalowa, mpaka tsiku lachitatu amalume ananditumizira mawu. "Felista, limba mtima. Layisoni sakuoneka."

Anthu anakumba ndi makasu. Ena anapezeka, achimwene ayi. Patapita masabata amalume ananena zimene zimachitika kwathu thupi likasowa, kuti adule thunthu la nthochi, aliike m'bokosi, alikwirire m'malo mwa munthuyo, maliro athe. Amayi anakanitsitsa. Anabwereka foni n'kundiimbira ndili mu ofesi.

"Mwananga, uwauze azungu akowo atembenuze makina aja. Si unati amaona zokwiririka? Atione pamene pagona mlongo wako, timuike ngati munthu."

Makinawo sayang'ana pansi. Anawapanga kuti nthawi zonse azifulatira dzuwa ndi dziko lathuli, chifukwa kutentha kwake kungawaononge. Ngakhale akanatembenuka, fumbi la mlengalenga ndi lina, matope a Chiradzulu ndi ena. Zonsezi ndinkazidziwa ngati dzina langa. Koma ndinamva mmene mawu a amayi ankanjenjemerera, ndipo pakamwa panga panatuluka kuti, "Chabwino amayi, ndiwafunsa."

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse linkafuna bodza lake. Ndinati pempho lalowa. Ndinati pali mzere wautali wa anthu ofuna makinawo. Ndinati kwanuko kwachuluka mitambo. Kubwera kumudzi sindinabwere. Zithunzi zanga za kafukufuku zinali zitangofika, ndipo lamulo lake limakupatsa chaka chimodzi chokha usanawatsegulire ena onse kuti nawonso azigwiritse ntchito. Chikalata changa chokhalira m'dzikomo chinalinso chikukonzedwa. Zimenezo ndi zoona, koma chenicheni n'chakuti ndinkaopa. Ndinkakhala pa kompyuta kuyeza fumbi la nyenyezi mtima ukundiluma, ndipo ndinayamba kudana ndi zithunzi zomwe ndinazivutikira zaka.

Choipitsitsa ndinachita tsiku lomwe amayi anandipanikiza kwambiri. Ndinatsegula mapu wamba a pa intaneti, a zithunzi zakale zojambulidwa namondwe asanagwe, ndinaona pamene mtsinje umakhota kumunsi kwa madimba, ndiye ndinati, "Mwina pokhota paja." Ndinanena kuti angondisiya. Foni itaduka ndinapita kukadya nkhomaliro.

Ndinabwera patatha chaka ndi miyezi, kafukufuku nditamaliza. Ndili pa kabaza kuchokera pa Boma ndinaona chilonda chofiira chotsika phiri lonse, ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe itakhala pomwe panali nyumba za anthu. Pakhomo palibe anandikalipira. Anandilandira chikwama, anandipatsa madzi, ndipo amayi anandigwira masaya n'kunena kuti ndaonda. Iwo ndiwo anali ataonda, manja atachita zikang'a.

Mawa lake alamu anga a Esinati anabwera kudzandilonjera. Ankakhala m'kanyumba ka lona kwa achibale awo, ndipo anali adakali ndi nsalu yakuda. Popanda maliro panalibe kumeta, panalibenso kuwasudzula kuti ayambe moyo wina. Sanali mkazi wapabanja, sanalinso wamasiye. Anandiuza kuti tiyende pang'ono, ndipo anandifikitsa pokhota mtsinje paja. Mayo ine! Maenje okhaokha, ena ofika m'chiuno, ena atadzaza madzi obiriwira, kuyambira m'mphepete mpaka kumadimba.

"Awa anakumba ndi apongozi anga," anatero. "Ena ndinawathandiza ine. Ankati mwaona apa."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Alamu, ine si mwana. Ndiuzeni zoona. Makina anuwo ayang'ana kapena sayang'ana?"

"Sayang'ana."

"Chiyambire?"

"Chiyambire. Sangathe n'komwe."

Sanalire, sanatukwane. Anangomanga bwino nsalu yawo. "Ine ndinakayika kalekale, koma ndikanatsutsana bwanji ndi munthu wa sukulu? Kawauzeni nokha. Ine ndatopa."

Amayi ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo, dzuwa lili paliwombo. Ndinagwada, ndinanena zonse, mosazungulira. Iwo anapitiriza kusenda mpaka ndinayamba kuganiza kuti sanamve.

"Ndiye tsiku lija unkati pokhota mtsinje, unaona chiyani?"

"Palibe, amayi."

Anaika lichero pansi. "Ukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanakukwiyira sabata imodzi, kenako ndikanalira. Wandimana kulira mwana wanga chaka chonse, Felista. Ndimati ndikalira ndiye kuti ndamutaya, chonsecho mlongo wake akumufunafuna kumwamba."

Ndinalira ine, ndipo sananditonthoze. Anaitanitsa amalume, n'kuwauza kuti akadziwitse adzukulu okumba manda ndi a kutchalitchi, maliro ndi mawa. Kenako anandiloza ndi chibwano. "Nthochiyo akadule ndi ameneyu."

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti kwathu amafuna kwa ine zinthu zikuluzikulu, ndalama, dzina, nzeru za kunja. Ndinkaganizanso kuti ndi anthu oti uziwabisira zowawa. Koma anthu amenewa anafukula anansi awo m'matope ndi manja, anawasambitsa, anawaika, n'kubwerera kumunda. Mawu owawa akanawasenza bwinobwino. Wolephera kuwasenza ndinali ine, ndipo amene analipira ndi nkhalamba ya khasu ndi mkazi wa nsalu yakuda. Zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero, ndipo sindikuona kuti zidzatha.

Madzulo a tsikulo tinapita ku nthochi za kuseri kwa nyumba, ine, amalume ndi alamu. Amalume anasankha thunthu lowongoka n'kundipatsa chikwanje. "Udule molingana ndi msinkhu wake," anatero.

Ndinaima chikwanje chili m'manja. Chichokereni kumudzi ndinkawaona achimwene pa foni pokha, kuyambira pachifuwa kukwera. Ndinayesa kukumbukira ngati ankawerama polowa pakhomo, koma sizinabwere. Amalume anadikira. Ndinaika chikwanje apa, ndinachisunthira apo.

Alamu anayandikira. Anaima moyang'anana ndi thunthulo, pafupi kwambiri, monga mmene munthu amaimira ndi mwamuna wake. Anakweza maso pang'ono, anakweza dzanja kupitirira mutu wawo, n'kuligwira pamenepo.

"Apa," anatero.

Ndinadula pomwe panali dzanja lawo.