Zidendene za Apongozi Anga

Anabwera Lachisanu, titangotuluka mumzikiti, mvula yoyamba isanagwe: anyamata a chipani ndi wapolisi wa njinga. Anafunsa mwini wa bwato limene linali padoko la kumunsi. Ndinati ndine. Anati ndikafotokoze pang'ono ku Nselema, ndibwerako dzuwa lisanalowe. Sananame. Ndinabweradi dzuwa lisanalowe, kungoti linali dzuwa la chaka china.

Anali masiku a makhadi. Anthu a mpingo wina ankakana kugula khadi la chipani, ndipo nyumba zawo zinkapsa. Ife Asilamu a ku Chiuta tinkati sizikutikhudza. Koma zinawakhudza apongozi anga, mayi a mkazi wanga, amene tawaika m'manda mwezi wathawu. Ndikulemba izi chifukwa cha iwo.

Zaka zawo palibe ankazidziwa. Mlambe wa pa Ulongwe unkawatchula kuti achemwali, walahi, ndinaumva ndekha. Amuna awo atamira m'nyanja, analera ana onse ndi matemba oyanika. Ankapalasa bwato mpaka madzi kuchita fumbi. Pansi pa mikeka ya nsomba zouma ankagoneka mabanja a anthu othawa aja, n'kuwaolotsera tsidya la Mozambique dzuwa likuswa mtengo, uku akuimba. Bwatolo linali langa. Sanandipemphe, chifukwa kwathu mkamwini ndi apongozi ake sayankhulana, sayang'anananso. Tikakumana panjira ine ndinkalowa patchire. Minga yonse ya ku Chiuta imandidziwa dzina.

Kuchoka ku Nselema ananditengera ku Balaka, m'nyumba ina yopanda chikwangwani. Wondifunsa anali bwana wamagalasi, wochokera kutali. Anati wina anaona mayi wa pakhomo pathu akupalasa bwato langa, ndipo chimene chatsala ndi pakamwa panga basi.

Patapita masiku anawabweretsa apongozi aja. Atamva kutsokomola kwanga ali panja, analowa chafutambuyo, nakakhala kuseri kwa chitseko, nkhope kukhoma, mpango kumutu. Bwana anawauza kuti atembenuke. Iwo anayankha kudzera kwa wapolisi wa imvi amene anaima pakhomo, munthu wa kwathu konkuno.

"Bambo, auzeni abwana anu kuti muno muli akamwini anga. Kapena kwawoko kulibe apongozi?"

Bwana analamula wapolisiyo kuti awatembenuze. Mkuluyo anayang'ana nsapato zake, nati mkono wake wachita dzanzi. Ndiye bwana anabwera kwa ine.

"Ukangoti ndi awa, ugona kwanu lero. Iwo atsala."

Mkazi wanga anali ndi pakati, ndipo munda unali usanadzalidwe. Ndinati nkhope ya apongozi sindinaionepo, ndimangowadziwa zidendene, ndipo zidendene za amayi a kunyanja n'zofanana, zong'aluka zonse. Ichi chokha m'moyo wanga ndinachinena osathira mchere, ndipo ndicho sanachikhulupirire. Anandithandiza kukumbukira mpaka madzulo. Mano ena anakumbukiradi njira yotulukira.

Apongozi anali pomwepo nthawi yonseyo. Akanatembenuka, kapena kulira, tikanatha tonse. Ndinkangomva mikanda yawo yopempherera ikuyenda m'zala, umodziumodzi, osafulumira.

Anawamasula poti panalibe mboni. Ine ananditumiza kundende popanda kuonekera kubwalo. Nsikidzi za kumeneko zinali ndi maudindo, ndipo yaikulu inkalandira sawatcha kwa alonda. Mlonda wina ankatsegula chitseko m'mawa ndi mawu omwewomwewo: "Amene wafa akweze dzanja." Masiku ena tinkamukwezera mnzathu.

Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Tsiku lina analowetsa bambo wa mpingo uja, amene anagwidwa atabwerera kudzatenga mbuzi zake. Atamva kuti ndine wa ku Chiuta, anandinong'oneza kuti banja lake linaoloka mwezi umene ine ndinalowa m'ndendemo, pansi pa matemba, ndi mayi wina woimba. Ndiye kuti apongozi atachoka m'chipinda chija, atamva zonse zimene anamva, anakabwereka bwato lina. 

Ananditulutsa m'dzinja osanena chifukwa, monganso sananene pondilowetsa. Lole inanditsitsa pa Nselema. Pamphepete pa msika panali mayi atandifulatira, dengu la nsomba pambali, kumsana kuli mwana amene ndinali ndisanamuone, wangayo. Ndinamva pambuyo pake kuti apongozi angawo ankabwera pamenepo tsiku la msika lililonse kudzayang'ana otsika m'malole. Panalibe munthu woti amutume mawu. Ndiye kwa nthawi yoyamba anayankhula ndi ine mwini, chofulatira chomwecho.

"Mwachedwa, bambo. Denga likudontha."

Adzukulu amandifunsa kuti ufulu ndinaumva liti, pachipata cha ndende kapena tsiku loponya voti. Iyayi. Ndinaumva mawa lake ndili pamwamba pa denga, udzu m'manja, ndikuona bwato, apongozi ali momwemo, likutalikira pakati pa mabango, ndipo m'dziko lonse munalibe munthu woti n'kulibweza.