Chilimwe cha kwa Amalume, Kuseri kwa Luwawa

Nsapato za amayi zija ndimazikumbukirabe. Zinali zakuda, zazidendene zazitali pang'ono, chikopa chake chitachita timizere pamene phazi limapindikira. Amayi ankazipukuta Lamlungu lililonse ndi kansanza ka malaya a malemu abambo, ndipo Lolemba m'mawa ndinkadziwa kuti anyamuka ndikamva gogogo pakhonde lasimenti. Tsiku limene tinafika kwa amalume anazivula pamtsinje kuti awoloke, nazimanga pamodzi ndi luzi. Atalowa m'nyumba anazikoleka pa phaso. Ine ndinkayesa akuzisungira ulendo wobwerera.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakulira pa boma la Mzimba, kumene amayi ankatayipa makalata mu ofesi ina. Tinali ndi nyumba yamalata, mpopi panja, buledi kawiri pa sabata. Anzanga kusukulu ankandiseka chifukwa cha Chitumbuka changa chokhota, komabe ankasirira diresi langa losita. Ndinkaona kuti tili pabwino.

Za tsiku la amayi sindinkaziganizira n'komwe. Akaweruka ku ofesi sankabwera kunyumba. Ankapita kubwalo kukaphunzira nyimbo ndi magule a chipani, chifukwa wojomba ankalembedwa dzina. Pachipata cha msika pankaima anyamata ovala malaya ofiira, ndipo munthu sankagula ngakhale tomato asanaonetse khadi la chipani. Kunyumba kukabwera mlendo, amayi ankayamba ayang'ana pazenera asanayankhe funso lililonse. Kenaka m'nyengo yachisanu chaka chimenecho, bambo wina woyandikana nafe, amene ankatipatsa mapeyala a pabwalo pake, anatengedwa pa galimoto dzuwa lili pamutu ndipo sanabwerenso. Patapita zaka zambiri amayi anandiuza kuti kalata yokhala ndi dzina lake inadutsa pa makina awo. Anaitayipa okha, opanda cholakwika ngakhale chimodzi, naipereka.

Kuyambira pamenepo manja awo anayamba kunjenjemera. Tiyi ankatayikira pa nsalu ya patebulo. Mawu anachepa mpaka anatsala "eya" ndi "kaya". Adokotala anawalembera kuti apume miyezi iwiri, ndipo sukulu itangotsekera amalume anabwera kudzatitenga.

Amalume anali achimwene awo a amayi. Kale anali makaniko ku Blantyre, kenaka anadzagwira ntchito pamakina ocheka matabwa kunkhalango ya paini, kumene anasiya zala ziwiri za dzanja lamanzere. Akazi awo, amene anali a komweko, atamwalira, apongozi anawalola kukhala pamtsetse wina wamiyala umene aliyense ankaukana chifukwa cha anyani. Kukafika kumeneko tinakwera lole ya matabwa, tinatsika pamphambano ya ku Luwawa, n'kuyenda pansi mpaka miyendo yanga inayamba kulira. Fungo la utomoni wa paini linatiperekeza theka la njira. Kenaka paini anatha, panayamba misuku ndi udzu wofika m'khosi.

Anthu ankati amalume mutu wawo sunali bwino. Ineyo lero ndili ndi zaka zoposa zimene iwo anali nazo panthawiyo, ndipo sindinakumanepo ndi munthu wa mutu wabwino ngati iwowo.

Madzi ankabwera okha pakhomo. Anawatenga pakasupe wa kumtunda m'nsungwi zong'ambidwa pakati, zolumikizana pa timafoloko ta mitengo, ndipo ankagwera mu mtsuko waukulu usana wonse ndi kaphokoso kamene poyamba kankandisowetsa mtendere. M'munsi mwake munali dimba la kachewere, amene kumeneko amati katofeni, nsawawa, kabichi ndi anyezi. Kunali mbuzi, nkhunda, mitengo itatu ya mapichesi. M'misuku munali ming'oma ya njuchi ya makungwa, yokolekedwa m'mwamba anyani asaifikire. Sopo ankapanga okha ndi madzi a phulusa ndi mafuta a mbuzi. Anali wotuwa, wonunkha khola pang'ono, koma ankachotsa litsiro. Nyale yawo inali njere za nsatsi zotungidwa pa kamtengo. Machesi sankawafuna, chifukwa chikuni cha pamoto sichinkazima.

Wayilesi anali nayo, koma inalibe mabatire, ndipo m'mene munkakhala mabatiremo ankasungamo mbewu ya anyezi. Ndinawafunsa kuti nanga nkhani amazimva bwanji. Anandilozera ndi dzanja lawo lazala zitatu lija kumene kunkachokera mphepo. "Ikakhala nkhani yondikhudza, imafika yokha," anatero. Khadi la chipani anali nalo, ankaligula chaka ndi chaka n'kulitsekera m'chitini, ndipo linkatuluka pokhapokha akamapita ku Jenda kukasinthanitsa uchi ndi mchere, singano kapena khasu latsopano.

Sindinganame kuti ndinakukonda msanga. M'mawa chifunga chinkakwera kuchokera kuchigwa ndipo zala zinkauma pogwira chingwe cha mbuzi. Matekenya anandilowa m'zala zakumapazi, amalume n'kumawatulutsa ndi munga wa mthethe ine ndikukuwa. Ndinkalakalaka buledi. Ndinkalakalaka kumva belu la njinga ya munthu wina aliyense. Koma pang'onopang'ono ndinaphunzira kukama mbuzi, kudziwa nsungwi imene yatsekeka ndi masamba pongomvera kulira kwa madzi, ndi kuima osagwedezeka njuchi ikatera pamkono. Tsiku lina amalume anandipatsa chisa cha uchi chongofula kumene, chofunda, phula likumatirira m'mano. Ndinadya mpaka mutu unandizungulira.

Amayi ankangokhala pamkeka pansi pa pichesi. Amalume sankawafunsa kanthu. M'mawa uliwonse ankawaikira lichero la nsawawa pamiyendo, nati, "Achemwali, izi zikufuna manja." Amayi ankasenda pang'onopang'ono, zambiri zikugwera pansi, nkhunda n'kumatola. Sabata zinapita choncho.

Moto unabwera mu Seputembala, tsiku limene amalume anapita ku Jenda. Anali atalimira kale mpata wotchinga moto mbali zitatu za pakhomo, koma mbali ya kuchigwa anati adzamaliza akabwerako. Mwina anali osaka mbewa amene anayatsa, sitinadziwe. Choyamba ndinaona akabawi ambiri akuzungulira malo amodzi. Kenaka timaphulusa takuda ta udzu tinayamba kugwera mu lichero la amayi. Mphepo inatembenuka, ndipo ndinamva phokoso ngati la mvula yamatalala pa malata, chikhalirecho kumwamba kunalibe mtambo.

Ndinawayang'ana amayi ndikuyembekezera "kaya" uja. Anaimirira, nsawawa zonse zinamwazika.

"Masula mbuzi! Uzithamangitsire kumtsinje, ubwere ndi masaka onse a m'nkhokwe. Thamanga, iwe!"

Panali patapita miyezi itatu ndisanamve mawu awo akukwera. Ndinathamanga ndikulira, osadziwa ngati ndikulira moto kapena mawuwo.

Pamene ndinkabwerako anali atatenga chikwanje n'kudula nsungwi ya madzi kumtunda kwa nyumba, kotero kuti madzi onse a kasupe ankasefukira pamtsetse wa kuchigwa. Anandiuza kuti ndiviike masaka ndi kuwaponya padenga la nkhokwe. Iwo anakwinya chitenje, natenga khasu, n'kuyamba kupala udzu motsata matope aja, mofulumira ngati munthu amene sanagwirepo makina otayipira moyo wake wonse. Atatsegula kampata kotalika ndithu, analowa m'khitchini, natuluka ndi chikuni choyaka, nayamba kuyatsa udzu wa kutsidya kwa kampatako. Ndinakuwa kuti akuwotcha nyumba ya amalume.

"Uwu ndi wathu," anatero osatembenuka. "Ukadye udzu, winawo ukapeze mbale yopanda kanthu. Tinkatero kuphiri kwathu ndili msinkhu wakowu. Imirira apo ndi nthambi yaiwisi, ukadumpha uumenye."

Ndinamenya. Utsi unali wowawa ngati tsabola, ndipo njuchi zothawa m'ming'oma ya m'munsi zinatiluma m'khosi ndi m'mikono. Moto wathu unatsika chokwawa, winawo unakwera chothamanga, ndipo pamene wathuwo unakumana ndi winawo panabuka lawi lalitali kuposa misuku. Kenaka linagwa. Panatsala nthaka yakuda ikufuka, ndi zitsa zikuthetheka apa ndi apo.

Ming'oma inayi inapsa. Pichesi limodzi linawauka mbali imodzi. Nyumba, nkhokwe ndi khola zinatsala. Amayi anakhala pansi m'matope momwemo, nsidze zitapserera, m'manja muli matuza. Anandiyang'ana, diso langa limodzi litatupa ndi mbola mpaka kutsekeka, ndipo anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi inalemba mizere pa mwaye wa kumaso kwawo. Ndinawatungira madzi m'chikho, anachigwira ndi dzanja limodzi, namwa onse.

Amalume anafika mawa lake, thumba la mchere lili paphewa. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana chigwa chakuda chija, kenaka mzere wa matope.

"Achemwali, wakuthandizani ndani?"

"Kamtsikana kanuka, ndi nsungwi zanu. Pepani ndadula."

Amalume anatula mchere, nakhala pamwala, naphimba nkhope ndi chipewa. Madzulo ake ndi amayi amene analumikizanso nsungwi ija, akuwauza achimwene awo kuti anaipendeketsa molakwika kuyambira kale.

Patapita sabata ziwiri kunabwera mlendo, woyamba chifikire ife. Anali aphunzitsi a pasukulu yaing'ono ya kuseri kwa mapiri awiri, bambo wamtali wa jekete lazigamba m'zigongono, amene ankadziwana ndi amalume chifukwa cha uchi. Anali atapita ku boma kumapeto kwa mwezi, ndipo kumeneko anawapatsira kalata ya amayi. Masiku opuma anali atatha. Ofesi inkawafuna Lolemba.

Amayi anaiwerenga ataimirira. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za mpopi ndi anzanga.

"Iyayi," anatero. "Sindipita."

Aphunzitsi anayang'ana kunjira, ngakhale kuti kunalibe munthu mtunda wonsewo. "Mama, ine mbwenu ndangotumidwa. Koma ganizani chomene. Masiku ano kukana kumamveka kutali. Lembani kuti mukudwalabe, ine ndikaperekeza mawuwo."

"Ndachira, aphunzitsi. Ndipo ndatopa kulemba zimene si zoona. Ndibwerekeni cholembera."

Analemba pamwamba pa lichero lovundikira, mizere inayi yokha, kuti akusiya ntchito ndipo akuthokoza. Anamasula makiyi a nyumba yamalata ija pa ngodya ya chitenje, nawakulunga m'kalatamo. Aphunzitsi anailandira ndi manja awiri ngati yotentha. Kenaka anandiloza ndi chibwano.

"Nanga mwanayu?"

"Lolemba lomwelo abwera kwanu. Amadziwa kuwerenga, koma samva."

"Yewo chomene," anathokoza aphunzitsi m'Chitumbuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anamwetulira.

Atangochoka ndinadzigwetsa pansi. Ndinawauza amayi kuti atisandutsa anthu akutchire, kuti anzanga adzandiiwala, kuti ndidzathawa ndekha kubwerera ku boma. Sanandimenye. Tsopano ndikudziwa kuti mantha awo anali aakulu kuposa mkwiyo wanga. Kwa mwezi wathunthu amalume ankasiya khasu akamva chilichonse chonga injini kutali. Sikunabwere aliyense. Mwina anapeza wotayipa wina, mwina msewu unawakanika. Tinakhala kumeneko mpaka ndinasankhidwa kupita kusekondale, ndipo amayi sanachokekonso.

Koma tsiku lomwelo la kalata, dzuwa litapendeka, amayi anatenga khasu ndi chingwe napita pamalo athyathyathya pafupi ndi pichesi lowauka lija. Anayamba kukhoma zikhomo, akuyeza ndi mapazi awo opanda nsapato. Ankayimba chapansipansi nyimbo ya kwathu imene ndinali ndisanaimvepo. Ine ndinakhala pamwala nditafulatira, koma ndinkasuzumira.

"Iyi ndi nyumba yathu," anandiitana. "Apa ndi pako pogona. Zenera lako liyang'ane kuti?"

Kum'mawa kunali chigwa chimene chinali chitayamba kale kuphuka msipu wobiriwira pamwamba pa phulusa. Kumwera kunali dimba. Ine, pofuna kuwapweteka mtima, ndinaloza kumene tinachokera, kunjira ya ku boma, kumene kunalibe chooneka koma miyala ndi mitu ya paini patali.

Amayi anayang'ana komweko kanthawi. Kenaka anazula chikhomo chimodzi, nachisuntha, nakhoma pamene ndinalozapo.

"Chabwino," anatero. "Tilikulitse, uziona bwino."

Ndinaganiza kuti ndawagonjetsa, ndipo ndinakwiya kwambiri poona kuti sanakhumudwe. Sindikanatha kudziwa panthawiyo kuti mayi amene anangotsala pang'ono kufa ndi njira imeneyo ankandisiyira dala yotsegula, kuti tsiku langa likadzafika ndidzasankhe ndekha kuitsata kapena kuikana. Ndinangoona kuti andipatsa chingwe, nandiuza kuti ndigwire mbali inayo, ndikoke mpaka chiwongoke.