Galimoto Imene Inkagwada Dzuwa Likapendeka

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo ndizitchuliretu kuti wina asadzati ndapeka. Yoyamba ndi mayi wootcha chimanga pageti la galaja yathu ku Makata. Yachiwiri ndi adalaivala, Msilamu wa ku Limbe amene sananamepo chibadwire, kupatula pa nkhani ya mafuta. Yachitatu ndi eni galimoto, koma iwowo anali atagona kumanda miyezi iwiri, ndiye musavutike kukawafunsa.

Galimotoyo inabwera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Inali ija yaikulu, yakuda, yopanda masipuling'i. Pa tayala lililonse pali chibaluni cha mpweya, kompresa imapopa, ndipo kasensa kamauza kompyuta kuti mbali iyi yakwera kapena yatsika. Mayi wamasiye wa ku Chimwankhunda, mkazi wa eni galimoto aja, ankafuna kuigulitsa kuti mwana wawo wamkazi asachotsedwe ku koleji. Ogula atatu anali atabwerera kale.

"Vuto n'chiyani?" ndinafunsa adalaivala.

"Abwana amakweramo."

"Abwana ake ati?"

"Omwe aja tinakawasiya ku Nsanje."

Sanaseke. Anati malemuwo ankakhala kumbuyo, kumanzere, ndipo anali ndi thupi loti akatsika galimoto inkapuma ngati ng'ombe yomasulidwa m'goli. Tsopano dzuwa likangopendeka, mbali yomweyo inkatsika yokha.

Ine ntchito yanga ndi magetsi a galimoto, si mizimu. Ndinathira madzi a sopo pachibaluni kuti ndione ngati chikutulutsa mpweya: thovu panalibe. Mafyuzi onse amoyo. Kompresa ikulira bwino kuposa kwaya ya kwathu. Ndinaika mita yoyezera magetsi pa mawaya a sensa, muvi unaima pamalo pake. Ndinauza adalaivala kuti galimoto ilibe mlandu. Iwo anangoyang'ana wotchi n'kupita kukaswali.

Itangodutsa thu koloko, ndinamva kuti fuuu. Galimoto inatsika kumanzere pang'onopang'ono, mwaulemu, monga amakhalira munthu wamkulu amene wadya bwino. Mayi wachimanga anaonera pageti, ananyamula mbaula ndi moto wake womwe n'kuwoloka msewu. Mpaka lero amaotchera tsidya. Ndikulumbira kuti nditatsegula chitseko chakumbuyo, mpando unali wofunda, ndipo munali fungo la perefyumu wa anthu a ndalama.

Mawa lake ndinasintha sensa, kuikamo ina yochokera ku sikirapu ya ku Limbe. Thu koloko, fuuu. Tsiku lachitatu ndinayamba kupereka moni ndisanatsegule chitseko. "Mwaswera bwanji, abwana." Moni sagula.

Lachinayi mayi wamasiye anabwera okha, atavala zakuda. Anati wogula wachinayi abwera Loweruka, ndipo kukoleji awapatsa mpaka Lolemba.

"Bambo, ngati akukana kutsika, mungondiuza," anatero. "Ndakhala nawo zaka zambiri. Ndikudziwa kuti sauzidwa."

Sanalire. Chimenecho chinandilowetsa pansi pa galimoto nthawi yomwe ndinkaiopayo. Ndinasiya mita italumikizidwa, adalaivala akuyang'ana muvi, ine n'kumatsata waya wa sensa ndi zala kuyambira pa tayala. Malata a galaja anali atatentha moti nkhunda zinkatera ndi mwendo umodzi. Pamwamba pa ekiselo, chitsulo chogwira matayala, chala changa chinagunda kanthu kofewa.

"Muvi wagwa," anatero adalaivala.

Pomwepo galimoto inayamba kunditsikira pachifuwa. Ndinatuluka ndi liwiro limene sindinalionenso m'thupi mwanga, koma ndinali nditaona. Kanali kansalu kakuda, kosokedwa mbali zonse, komangidwa pa mtolo wa mawaya ndi waya wosakutira, uja womangira mipanda. Chithumwa. Waya womangirawo unali utaluma chikopa cha waya wa sensa. Kukatentha, chikopacho chinkafewa, zitsulo n'kukhudzana, sensa n'kunamiza kompyuta kuti mbali iyi yakwera kwambiri. Kompyuta, posadziwa za maliro, inkatulutsa mpweya.

Adalaivala anayang'ana pansi.

"Abwana anamanga okha, atavala suti, kuti akuba asamaione galimotoyi. Anandilumbiritsa."

"Nanga bwanji inayamba atamwalira?"

"Msewu wa kumudzi kwawo muuone. Tsiku la maliro tinagwedezeka mpaka mano."

"Osandiuza bwanji masiku onsewa?"

"Inu munkafunsa za magetsi, amisiri."

Tinaikweza pajeki, koma wodula chithumwacho anasowa. Ine ndinati dzanja landiwawa. Adalaivala anati chipembedzo sichilola. Mayi aja anatenga pulayala patebulo panga, anamanga chitenje mwamphamvu n'kugwada m'mafuta.

"Mkazi wawo ndine," anatero, n'kudula.

Ndinawotcherera waya, kukulunga tepi, kuumanga kutali ndi chitsulo. Mawa lake tinakhala atatu pabenchi kudikira. Thu koloko inadutsa, fili koloko inadutsa, galimoto ili chilili. Mayiwo anayang'ana mpando wakumbuyo uja nthawi yaitali, ndipo sindikudziwa ngati anakondwa.

Loweruka inagulidwa, mwana anabwerera kusukulu. Za malipiro anga sindinakumbutse. Munthu amene wapereka moni kwa malemu masiku awiri savutitsa mkazi wawo.

Mvula itayamba, adalaivala anatsika minibasi pageti ndi envelopu. Munali ndalama zanga zonse, ndi kansalu kakuda kaja.

"Mayi akuti zochotsa m'galimoto ndi za makaniko," anatero, ali kale panja.

Ndalamazo ndinaziwerenga nditaimirira, chifukwa mpando wanga unali utapendekera kale kumanzere.