Mfuti ya amalume ndi mpheta za mu mpunga

Usiku wathawu ndinalota zinthu zoti mpaka pano tiyi sakundilowa, ndiye ndati ndikufotokozereni, anzanga.

Poyamba mudziwe kuti mpunga wanga ku sikimu ya mthirira wayamba kuweramitsa mitu, ndipo mpheta chaka chino zabwera ngati zinachita kuitanidwa. Timaingitsa kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, kukoka zitini pa chingwe, kukuwa mpaka mawu kusasa. Mpunga umenewu ndiye chakudya chathu cha chaka chonse pakhomo pano.

Ndiye kutuloko ndinali pa nsanja yanga ya kumunda, dzuwa lili pamutu, ndikukoka chingwe koma zitini osalira. Zimangogwedezeka, kuli zii. Mpheta zili mbwee pa mpunga, kudya mosatekeseka, zina mpaka kumandiyang'ana. Kenako ndinangoona m'manja mwanga muli mfuti ya gogodela ya malemu amalume anga, ija ankasakira nguluwe ife tili ana. Sindinadabwe ayi. Ndinathira wonga, kutsendera bwinobwino, n'kuloza.

Ndisanawombe, munthu anatsokomola pansi pa nsanja. Anali wa gemu, awa oteteza nyama zakutchire, ali mu yunifomu yake yobiriwira, atakhala pa mpando wa mu ofesi wozungulira uja, m'madzi momwemo. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa ngati mfutiyo ili ndi laisensi. Ndinati ili nayo. Akuti m'dzina la ndani? Ndinati la amalume.

"Ndiye awombe eni akewo, bambo."

Ndinamuuza kuti amalume tinawaika m'manda kalekale. Iye anangoti ndikawaitane, adikira.

Kenako ndili kumanda, ndikuodira ngati pakhomo pa munthu. Amalume anatuluka akusasa fumbi pa jekete, n'kuyamba kundikalipira kuti mfuti yawo ndaisunga moipa, yachita dzimbiri. Za kumwalira kwawo sitinakambe. Ndinawakweza pa kaliyala ya njinga, opepuka ngati thumba la madeya. Njira ya kumunda inadutsa m'kati mwa kalasi yomwe ndinkaphunziramo ndili mwana, ana asukulu anaimirira kupereka moni, ife n'kutulukira khomo linalo.

Titafika, wa gemu uja anayamba kutilongosolera malamulo. Akuti mbalame yowombedwa ikhale yomwe ikuwononga mbewu, osati iliyonse yomwe yadutsa. Akakowa oyera aja oyenda m'madzi kutola tizilombo, amenewo osawakhudza. Akuti osaloza komwe kuli munthu kapena nyumba, osathira poizoni, ndipo muwombere m'munda mwanu mokha, mbalame ikangodumpha malire si nkhani yanunso. Ankalankhula pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi, kwinaku akuzungulira ndi mpando wake. Amalume ankangoti "eya, eya" ngati ali m'tchalitchi. Nthawi yonseyi mpheta zikudya. Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinati, "Achikulire, pomwe muzimaliza malamulo anuwa mupeza ziputu zokhazokha!" Iye anangopitiriza mpaka anamaliza.

Ndiye amalume anakwera pa nsanja, jekete ili m'thupi, n'kuwomba. Phuu! Utsi tolotolo. Palibe mpheta inagwa, olo imodzi, koma zonse zinadzuka nthawi imodzi mpaka kumwamba kunada bii. Zinazungulira, kuzungulira, kenako n'kukatera tsidya la malire, m'munda mwa alamu anga a Nabanda.

A Nabanda ndi mkazi wa malemu achimwene anga. Minda yathu inagundana, pakati pamangodutsa kamzere ka dothi koyendapo munthu mmodzi. Amalima okha, ana awo akadali ang'onoang'ono. Kutuloko anali chilili pakati pa munda, mwana kumsana, akukupiza chitenje, pakamwa pakuyasama koma mawu osamveka. Mpunga wawo unkatha ine ndikuona, ngati munthu akumetedwa mpala.

Ndinakuwa kuti amalume womberani uko! Wa gemu anaimika dzanja. "Uko si kwanu. Komanso kuli munthu."

Kenako anadzuka pa mpando, n'kuyendera munda wanga ngodya zonse. Anati zonse zayenda motsata lamulo, palibe mlandu, n'kundigwira chanza. Amalume anandibwezera mfuti, akuti akuchedwa, n'kunyamuka wapansi. Mpunga wanga unali wonse, mitu ikuluikulu, wokongola kuposa mmene ulili kwenikweni. Ndinasangalala, zimenezo sindibisa. Ndiye ndili pa nsanja paja, ndinatembenuka kuyang'ana kwa alamu. Mpheta zinali zitapita, m'munda mwatsala madzi ndi ziputu. Iwo sanalire, sanatukwane. Anangodutsa kamzere kaja, lichero lopanda kanthu lili m'manja, n'kudzagwada pansi pa nsanja monga amachitira akamandipatsa moni. Ndinafuna kutsika, makwerero palibe.

Pomwepo ndinadzidzimuka, mayi akunyumba akundigwedeza kuti, "Inu, kwayera kale kunjaku, mbalame sizidikira munthu!"

Tsono chomwe chandisowetsa mtendere ndi ichi. Dzulo lomweli ndinapangana ndi mkulu wina wa mudzi woyandikana nafe, yemwe ali ndi mfuti yovomerezeka, zonse zili m'malo mwake, kuti abwere mawa adzawombe kumunda kwanga. Ndatopa nako kukuwa, ine. Za komwe mbalamezo zikatere zikachoka kwanga sindinaganizeko n'komwe, ndipo alamu sindinawauze kanthu.

Lero ndathamanga pa njinga osasamba ndi kumaso komwe. Pofika ku sikimu dzuwa linali litatuluka kale, mtima uli m'mwamba kuti basi mpheta zandimaliza. Ndapeza a Nabanda ali m'munda mwanga, matope mpaka m'mawondo, akumenya chidebe ndi mtengo. Munda wawo atausiya wokha, mpheta zikuteramo.

"Ndinaona mwachedwa, alamu," anatero, "ndiye ndimati zingakuthereni."

Ndinangoti zikomo.

Ndiye inu odziwa kumasulira, tandithandizani. Munthu wakufa kuwomba mfuti m'malo mwako kutulo, zimatanthauza chiyani? Nanga lichero lija? Enanu ndikudziwa muyamba zoti ndinagona nditakhuta kwambiri, sekani, palibe vuto. Koma mundiuze lisanalowe dzuwa, chifukwa mkulu wa mfuti uja akudikira yankho langa: abwere mawa, kapena ndimuletse?