Injini Yokweza Chiliza Kumapiri

Mkazi wanga atamwalira, akwawo anati chiliza timange chaka chisanathe. Mudzi wawo uli kumapiri, mbali ya kumalire, ndipo mvula ikangoyamba msewu wa kumeneko sukwereka. Tsiku anali ataika kale, Loweruka lomaliza la Okutobala. Mwala wolembedwa dzina, simenti ndi zitsulo zonse zinali kunyumba kwanga pa Boma. Chimene chinavuta ndi pikapu yathu, imene injini yake inafera pakati pa chitunda titanyamula theka lokha la katunduyo.

Mchimwene wake wa malemu, alamu anga, ndi makaniko. Anasuzumira m'bonetimo kamodzi kokha.

"Iyi yapita, alamu. Tiyeni tikasankhe ina."

Ku Nsipe kunali bambo wina wa sitolo amene ankaitanitsa mainjini kuchokera ku Joni, iliyonse m'bokosi lake lamatabwa. Kuseri kwa sitoloyo kunali mabokosi atatu. Ine ndinapita ndi pepala limene ndinawerengerapo, monga anatiphunzitsira kukoleji, kulemera kwa katundu ndi mphamvu yofunika pa chitundacho. Malinga ndi pepalalo, injini yaing'ono pa zitatuzo inali yokwanira.

Alamu sanaliwerenge n'komwe. Iwo injini amailiza ili m'bokosi momwemo, batire pambali, dizilo m'botolo, kenako amagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pachitsulo, chogwirira chake n'kuika pakhutu.

"Iyi ili ndi chifuwa," anatero pa yoyamba. Pa yachiwiri anamvetsera nthawi yaitali. "Iyi ndi yaulemu. Yopitira kutchalitchi."

"Inu amakaniko, katundu wanga mukumunyoza ine ndili pompano?" anafunsa mwini sitolo.

"Tsegulani lachitatulo, achimwene."

"Limenelo si la anthu a mbatatesi. Muli ya tabo."

Tabo ndi kachipangizo kooneka ngati nkhono kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini. Ndinkakadziwa m'mabuku mokha. Italira injiniyo, bokosi linayamba kuyenda lokha pafumbi, mwini sitolo akulithamangira kuti aligwire. Pamwamba pa kugunda kwake pankamveka kamluzu kakang'ono, kosalala. Alamu anandiika sikuludiraiva ija pakhutu. M'katimo zonse zinkayenda mwamtendere, ngati mphero yatsopano. Ndinangozindikira ndikuseka, mano onse pamtunda, ndipo ndinali ndisanaseke chotero kwa miyezi khumi.

"Yakula kwambiri," ndinatero.

"Chitunda nacho n'chachikulu."

Tinatenga imeneyo. Kuimanga kunatitengera masiku anayi, ndipo titamaliza boneti inakana kutsekeka. Tinaichotsa n'kuitsamiritsa pakhoma la galaja.

Loweruka lija tinapakira zonse ulendo umodzi. Pa chitunda chija ndinalowetsa giya yachiwiri ndi mantha, koma galimoto inangopempha yachitatu. Malo amene injini yakale inafera tinawadutsa ngati pa tala. Alamu ankamenya chitseko ndi chikhatho, kupatsa moni aliyense ngakhale mbuzi, ine ndikupondereza dala pa makona kuti kamluzu kaja kamveke. Amayi osenza matumba a mbatatesi ankaima n'kutembenuka ndi katundu wawo yemwe kuti aone galimoto yopanda boneti.

Titakhota pa mpanda wa kwawo tinapeza anthu atakhala kale pansi, amayi a mvano akuimba motsitsa. Ndinapukuta kumaso, ndinakonza kolala, n'kugwira kiyi kuti ndizimitse. Alamu anandigwira dzanja.

"Ya tabo sazimitsa ikadali yotentha. Mphindi zitatu."

"Alamu, anthu akuimba."

"Mukaiwotcha, mchenga wa mawa mukweza pamutu."

Ndinatsika n'kukanjuta pamaso pa akuluakulu, injini ikuimba mluzu kumbuyo kwanga. Malume ake a malemu anayang'ana galimotoyo, n'kuyang'ana ine.

"Akamwini, mwabwera pa ndege?"

Apongozi anga aakazi anali chapatali, pakati pa amayi anzawo, atadziphimba pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ananong'oneza mayi wina, iye n'kubwera kudzagwada pafupi ndi malume.

"Akuti musaifulumize, ipume kaye. Mwala wafika, ndiye chachikulu."

Tinadikira tonse mpaka alamu anagwedeza mutu. Nditazimitsa, amuna asanu ndi mmodzi anatsitsa mwalawo, ine n'kugwira mbali imene kunali dzina.