Singapore Kapena Bangkok, Mukafikira kwa Yani?

Lolemba m'mawa, ndisanavule n'komwe jekete, mu ofesi mwanga muno ku Petauke munalowa a Daka, mphunzitsi wopuma wa ku Nyimba, atagwira envulopu yakhaki ndi manja awiri. Anakhala pansi, napukuta thukuta, nandiuza kuti abwera ndi nkhani imene ndingaithe ine ndekha, poti munthu wolemba m'nyuzipepala dziko amalidziwa.

Sindinawatsutse. Koma inu owerenga ndikuuzeni zoona: kutali kumene ndinafikako chibadwire ndi ku Kabwe, ndipo nakonso ndinapitira maliro.

Nkhani yake inali iyi. Mwana wawo Esinati amagulitsa matikiti ku kampani ya ndege ku Lusaka. Wakwanitsa zaka khumi pa ntchito, ndiye mabwana amupatsa matikiti awiri aulere kuti makolo ake akapume mlungu umodzi kunja. Mizinda yosankhapo ndi iwiri basi, Singapore kapena Bangkok. Mapasipoti anawathamangira kale, chatsala ndi yankho, ndipo likufunika Lachisanu pa lamya. Mwayiwu sudzabweranso, chifukwa mwezi wamawa Esinati akusiya ntchito kutsata mwamuna wake amene amusamutsira ku Mongu.

Tinayala patebulo timabuku ta zithunzi timene mwanayo anatumiza. Ku Bangkok, akachisi a madenga onyezimira ndi amayi ogulitsa zipatso ali m'mabwato. Ku Singapore, doko lodzaza sitima zapamadzi ndi masitolo. Kunena zoona ine sitima sindinaziyang'ane. Maso anga anakakamira pa shelefu ya sopo wofika kudenga, popanda ndi mmodzi yemwe woima pamzere. Munthu amene Loweruka lapitali anapsa ndi dzuwa kudikira sopo mmodzi musamuweruze.

A Daka anaphunzitsa zaka zoposa makumi atatu. Ana a ku Nyimba, ku Kalindawalo mpaka ku Sandwe anawalowezetsa za mpunga ndi mphira wa kumaiko amenewo, iwo akujambula mapu ndi choko pa bolodi long'aluka. Koma nyanja yamchere sanaionepo, sitima yapamadzi amangoidziwira m'buku. Chala chawo chinkangobwerera pa chithunzi cha doko chija.

Ndiye ndinagamula ngati munthu woyenda. Singapore, bambo. Amalankhula Chingerezi, simukasochera, ndipo sitima zanu zili komweko.

Ndinayesa asekerera. M'malo mwake anayamba kundikankhira kabuku ka Bangkok, ati mwina kumeneku n'kwabwinoko, ati ndionenso bwino. Nditawapanikiza anaulula kuti vuto lenileni lili kunyumba. Akazi awo, amai Daka, akukana, Singapore ayi, Bangkok ayi. Ndipo okha sangapite.

"Avutika nane zaka zonsezi m'masukulu a m'thengo," anatero. "Nikakwele ndege neka, iwo ali kumunda? Iyai."

Anandipempha kuti ndikawanyengerere. Lachitatu ndinakwera basi ya ku Nyimba, mtima uli m'malo, poti pakamwa ndimadzidalira.

Ndinapeza amai Daka pakhonde akuswa nshawa, zimene ena amati mtedza. Titalonjerana ndinayamba ulaliki wanga: ndege sigwa chisawawa, zakudya zilipo, mwana wawachitira ulemu umene ena amangoulota. Anandimvera mpaka ndinatha, manja osaleka ntchito.

"Mwakamba bwino, bambo," anatero. "Lomba niuzeni, kumeneko tikafikila kwa ndani?"

Ndinati ku hotela. Anafunsa ngati mwini hotelayo ndi m'bale wa wina wake. Ndinati ayi. Anafunsa ngati kuli wodwala, kapena wabadwa mwana, kapena kuli ukwati. Ndinati ayi, amai, mukungopita kukaona malo.

"Munthu abwele kuno ku Nyimba," anatero, "agone ku lesitihausi, m'mawa ayambe kuyang'ana nkhokwe zathu na kujambula mlatho, moni osapatsa aliyense. Si tingamupeleke kwa a tcheyamani kuti tagwila kazitape? Ndiye mufuna neo nikakhale munthu ameneyo kwa eni ake?"

Ndinaseka.

Taganizani nanunso. Ndani mwa ife anatengapo livu n'kupita kumalo kumene sadziwa munthu? Livu yathu timakapalira, timakaumba njerwa, timakapepesa maliro amene anatiphonya. Ife sitiyendera malo, timayendera anthu. Ukanyamuka umadziwa khomo limene ukagogode, umanyamula kankhuku kapena kathumba ka nshawa, ndipo pobwerera pali wokuperekeza mpaka pamsewu. Zogona mlungu wathunthu pakati pa anthu, kudya, kukhuta, popanda womuuza zikomo kupatula wolandira malipiro, kwa amai Daka n'zamanyazi.

Ana athu ophunzira amati kumeneko n'kutsalira. Inenso popita ku Nyimba ndinkaganiza choncho. Koma kodi wotsalira ndani, amene amafunsa kuti kuli nyumba zazitali bwanji, kapena amene amafunsa kuti kuli yani?

Komabe ndinkawamvera chisoni a Daka. Anakhala pampando wawo, timabuku tili pamwendo, Lachisanu likuyandikira. Ndinati ndiyesenso kamodzi. Ndinatenga buku lawo la mapu, n'kulitsegula pamphasa kuti amai aone kuti malowa ndi enieni, kumakhala anthu ngati ife. Ndinaloza Bangkok. Kenaka ndinatsitsa chala n'kunena kuti Singapore ndi aka kachilumba, kumapeto kwenikweni kwa dziko limene kale tinkalitcha Malaya.

Manja a amai Daka anaima.

Anandifunsa ngati ndati Malaya. Nditavomera anayang'ana amuna awo, ndipo amuna awo anayang'ana pansi. Amai anadzuka, nalowa m'nyumba, natuluka ndi kalata yakale yokulunga m'kansalu. Anandipatsa kuti ndiwerenge, poti iwo Chingerezi sawerenga.

Inali kalata ya m'nthawi ya atsamunda, yodzera kwa bwanamkubwa wa pa boma. Inkanena za mlongo wa amai Daka, Yotamu, amene analowa usilikali ali mnyamata n'kutumizidwa ku nkhondo ya ku Malaya. Anafera komweko. Kuno analira maliro opanda mtembo. Mzere womaliza wa kalatayo unkati anaikidwa m'manda a asilikali ku Singapore.

Ndipo amene anawerengera banjalo kalatayi tsiku limene inafika anali mphunzitsi wachinyamata wa pasukulu yapafupi, a Daka omwewa, asanakwatire n'komwe. Pomasulira anangoti Malaya, dzina limene anthu ankalidziwa. Matikiti atabwera anakumbukira zonse, koma anatseka pakamwa. Anaganiza kuti mwana akufuna amake akasangalale, osati akalire pamanda. Ndiye chifukwa chake ankandikankhira Bangkok, ali okonzeka kutaya sitima zawo zomwe.

"Aphunzitsi," amai anatero motsitsa mawu, "mwanibisila mlongo wanga?"

"N'nafuna mukapumule, anyina Esinati."

"Amama anamwalila akali kufunsa ngati kumeneko kuli womusesela pamanda. Neo nipumule bwanji?"

Ndinalakalaka nditakhala panja. Ndinabwera kudzaphunzitsa mayi wa kumudzi za dziko, ndipo ndinapezeka nditakhala pamphasa ndi kalata m'manja, m'maso muli misozi. Kwa anzathu Ansenga, monganso kwathu, mlongo si munthu wamba. Ndiye malume, mwini mbumba. Yotamu akanakhala moyo, bwenzi ali iye woyankhula pa ukwati wa Esinati.

A Daka sindikuwaimba mlandu. Analakwa chifukwa cha chikondi, ndipo ambiri a ife timalakwa chimodzimodzi. Timasankhira okondedwa athu zimene tikuganiza kuti ziwasangalatsa, n'kuwabisira zimene mtima wawo ukufunadi, ati kuwateteza. Inu amene mukulota zodzatengera makolo anu kukaona magetsi a m'mizinda, munayamba mwawafunsa kuti ndani amene akumusowa?

Zokambirana sizinatalike. Amai anapinda kalata, nanena kuti tsopano ulendo ulipo, poti kuli kofikira. Tsiku loyamba n'la Yotamu. Masiku otsalawo aphunzitsi akhoza kukaima padoko mpaka miyendo itawawa, iwo akawaperekeza.

Lachisanu lamya ya ku Nyimba inali yakufa, ndiye a Daka anabweranso ku ofesi kwanga kudzaimba. Ndinamva zonse, poti mkuluyu pa lamya amafuula ngati akuitana munthu kutsidya kwa mtsinje. Anati Singapore, nafotokoza chifukwa chake. Kenaka anamvetsera mwanayo akuyankha. Pambuyo pake anandiuza kuti mwanayo analira, poti sankadziwa n'komwe kumene amalume ake anagona.

Asanatseke anatulutsa kapepala m'thumba. Amai anawatuma funso limodzi lokha: kodi m'ndege amalola kunyamula tsache? Esinati ayenera kuti anayankha kuti matsache akagula komweko, m'masitolo muli mbwee, chifukwa ndinaona a Daka akupukusa mutu.

"Iyai, mwana wanga," anatero. "Amako ati lifunika la udzu wa kuno kwawo."